Malo alipo? Mbiri ya kulembetsa ana m'sukulu za pulayimale za m'mizinda yathu

Chaka chilichonse mwezi wa Okutobala ukalowa, pa maofesi a sukulu za pulayimale pamayamba kuoneka mizere ya makolo. Ndi nyengo ya matrícula, yolembetsa ana amene adzayambe kalasi yoyamba chaka chotsatira. Kumudzi, nkhawa ya mkulu wa sukulu nthawi zambiri imakhala yakuti makolo sakubwera, mpaka amapempha amfumu kuti awakumbutse. Mu mzinda nkhawa ndi ina. Sukulu zilipo zingapo, koma ana ndi ambiri kuposa mipando, ndipo kholo limafika pa zenera la ofesi ndi funso limodzi: malo alipo?

Yankho la funsoli limadalira kuchuluka kwa ana amene sukulu ingathe kusunga, dera limene anawo akuchokera, ndi malamulo onena za amene ayenera kulandiridwa. M'zaka pafupifupi 100 zapitazi, dziko la Moçambique lasintha kangapo kayendetsedwe ka zinthu zimenezi. Nkhani ino ikutsata kusinthako, chifukwa inu aphunzitsi a maphunziro a zilankhulo ziwiri ndi amene mudzakumane ndi zotsatira zake pamene pulogalamu yathu ikuyandikira matauni. Mbiriyi ikuonetsa kuti pa khomo la sukulu mwana wakhala akufunsidwa mtundu wake, zaka zake, chikalata chake ndi ndalama za makolo ake. Chilankhulo chimene amalankhula kunyumba sichinaikidwe pakati pa mafunso ofunikawo.

Nthawi ya atsamunda: lamulo linkasankha mwana asanafike pa khomo

Pa nthawi ya ulamuliro wa Apwitikizi, kuyandikana ndi sukulu sikunali ndi phindu kwenikweni. Choyamba chinali chakuti mwanayo ndi ndani pamaso pa lamulo. Anthu anagawidwa pawiri. Mbali imodzi kunali azungu, amwenye, anthu obadwa kwa makolo a mitundu iwiri, ndi anthu akuda ochepa kwambiri amene anapatsidwa chikalata cha assimilado. Mbali inayo kunali unyinji wa anthu akuda, amene lamulo linkawatcha indígena. Mu 1930 boma la atsamunda linakhazikitsa maphunziro apadera a ana a indígena, otchedwa ensino rudimentar. Mu 1940 dziko la Portugal linapangana ndi Vatican kudzera mu Concordata ndi Acordo Missionário, ndipo Estatuto Missionário ya 1941 inapereka maphunziro a ana akuda m'manja mwa mamishoni a Katolika. Sukulu za boma, zomwe zambiri zinali m'mizinda, zinatsala za ana a gulu loyamba lija.

Mzinda weniweniwo unali wogawidwa chimodzimodzi. Ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo, kunali mzinda wa simenti ndi mzinda wa bango, umene ankautcha caniço. Ku Mafalala, Xipamanine ndi Chamanculo n'kumene kunkakhala anthu ogwira ntchito pa doko, pa njanji ndi m'nyumba za azungu. Ku Beira nakonso, Munhava inali kutali ndi moyo wa pakati pa mzinda ngakhale kuti mtunda wake sunali wautali. Mwana wa mayi wochapa zovala ankatha kudutsa pa geti la sukulu ya boma tsiku lililonse, koma malire amene ankamutsekera sanali a msewu kapena mtsinje. Anali olembedwa m'lamulo.

Ensino rudimentar inkatenga zaka zitatu mwana asanaloledwe kulowa m'makalasi apamwamba a pulayimale. Nthawi yambiri inkathera pa katekisimu ndi ntchito za m'munda wa mishoni. Lamulo linkati maphunziro akhale m'Chipwitikizi, ndipo zilankhulo zathu zinkaloledwa pophunzitsa za chipembedzo pokha. Ana ambiri ankabwereza makalasi chifukwa chosamva chilankhulocho, ndipo akafika pomaliza pulayimale ankapezeka kuti apitirira zaka zololedwa kulowa ku liceu. Kwathu kuno, wofuna maphunziro ankayenda ulendo wopita ku mishoni monga Boroma kufupi ndi Tete, Lifidzi ku Angónia, kapena Messumba ya Anglican m'mbali mwa nyanja ya Niassa. Ena ankawoloka malire kukaphunzira ku Nyasaland.

Mu 1961 lamulo la indígena linathetsedwa, ndipo mu 1964, chaka chimene nkhondo yomenyera ufulu inayamba, boma la atsamunda linaphatikiza maphunziro a pulayimale kukhala amodzi pa pepala. Linaikanso kalasi yokonzekera, pré-primária, ya ana osadziwa Chipwitikizi. Ana akuda anayamba kuchuluka m'sukulu za boma m'zaka 10 zomalizazo, koma zinali mochedwa. Pofika 1975, anthu oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno sankadziwa kuwerenga ndi kulemba.

1975: zitseko zinatseguka, zipinda sizinachuluke

Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975, ndipo patangotha mwezi umodzi, pa 24 Julayi, boma linatenga sukulu zonse za mishoni ndi za anthu wamba kukhala zake. Mu Febuluwale 1976 linatenganso nyumba zochititsa lendi, ndipo mabanja ambiri a ku caniço analowa mu mzinda wa simenti umene Apwitikizi ankausiya. Unduna wa za maphunziro unali m'manja mwa Graça Machel, amene anauyendetsa mpaka 1989. Kwa nthawi yoyamba, mwana aliyense anali ndi ufulu wogogoda pa sukulu imene ili pafupi ndi kwawo.

Makolo sanazengereze. Ana a pulayimale anali pafupifupi 700,000 pa nthawi ya ufulu, ndipo pofika 1979 anali atayandikira 1.5 miliyoni. Chiwerengero chinawirikiza kawiri m'zaka zinayi, pamene aphunzitsi ambiri achipwitikizi anali atachoka. Achinyamata amene anali atangomaliza makalasi ochepa anaphunzitsidwa mwachangu n'kupatsidwa choko. Pa 8 Malichi 1977 Samora Machel anaitana ophunzira a makalasi omaliza a sekondale kuti asiye kaye zolinga zawo akatumikire dziko, ndipo ambiri a m'badwo umenewo anakhala aphunzitsi. Mphunzitsi angathe kukonzedwa m'miyezi ingapo, ngakhale mosakwanira. Chipinda cha simenti mu mzinda chimafuna malo, ndalama ndi zaka. Choncho sukulu za m'mizinda zinadalira maturno: gulu lina m'mawa, lina masana, m'chipinda chomwecho.

Zaka zomwezo n'zimene zinabweretsa dongosolo la malo okhala limene tikulidziwa lero. Magulu otchedwa grupos dinamizadores anayala maziko a kagawidwe ka mzinda m'mabairro, maquarteirão ndi nyumba khumikhumi, ndipo kalata ya mlembi wa bairro inakhala umboni wakuti munthu amakhaladi pamalo. Ku mbali ya maphunziro kunabwera ZIP, Zona de Influência Pedagógica, gulu la sukulu zoyandikana lokhala ndi sukulu imodzi ngati likulu. Tiyenera kukumbukira kuti ZIP inapangidwa kuti aphunzitsi azithandizana pokonza maphunziro. Sinapangidwe kuti izigawa ana pakati pa sukulu, ngakhale kuti lero ndi malo abwino kwambiri ochitira zimenezo.

Lamulo la 4/83 la mu Malichi 1983 linakhazikitsa Sistema Nacional de Educação. Pulayimale inakhala ya makalasi 7, yogawidwa pawiri: EP1, kuyambira kalasi 1 mpaka 5, ndi EP2, kalasi 6 ndi 7. Mwana ankayamba ali ndi zaka 7, ndipo chilankhulo chophunzitsira chinali Chipwitikizi chokha, chimene chinkatengedwa ngati chilankhulo chogwirizanitsa dziko. Sukulu za EP2 zinali zochepa ndipo zambiri zinali m'matauni. Mwana wa kumudzi akamaliza kalasi 5 ankatumizidwa kwa amalume kapena azakhali ake a m'tauni kuti apitirize. Kuyambira pamenepo, sukulu ya m'tauni inkatumikira dera lalikulu kuposa limene limaoneka pa mapu.

Nkhondo inathira midzi m'mizinda

Dongosolo latsopanoli linayamba nkhondo ili mkati mofalikira. Mu 1983 dziko linali ndi sukulu za pulayimale pafupifupi 5,900. Pofika 1992 zoposa theka zinali zitatsekedwa kapena kuwonongedwa, ndipo Tete ndi Zambézia zinali pakati pa zigawo zimene zinavutika kwambiri. Anthu anathawira kumene kunali chitetezo. Ochokera ku Angónia, Tsangano, Macanga, Mutarara ndi Milange ambiri anawolokera ku Malawi, dziko limene linasunga othawa nkhondo ochokera kuno pafupifupi 1 miliyoni. Ena anathawira m'mizinda ndi m'malikulu a maboma, n'kumanga timisasa m'mphepete mwa mabairro.

Sukulu za m'mizinda zinatsala zitaima, koma zinalandira ana a madera amene sukulu zawo zinali zitapsa. Apa m'pamene maturno atatu anazika mizu ku Maputo, Beira, Nampula ndi mizinda ina, pamodzi ndi maturma ophunzirira pansi pa mtengo. Mu 1987 boma linayamba ndondomeko yokonzanso chuma, Programa de Reabilitação Económica. Mitengo ya zinthu inakwera, malipiro a aphunzitsi anatha mphamvu, ndipo ndalama zomangira zipinda zinasowa. Chinthu chikachepa chimapeza mtengo wake. Malo a sukulu anayamba kugulitsidwa mobisa, ndipo m'mizinda mawu akuti "vaga", kutanthauza mpata wa mwana mmodzi, anayamba kunenedwa monong'ona. Lamulo linkati mwana aliyense alowe, koma pa zenera la ofesi amene ankalowa msanga ndi mwana wa kholo lodziwana ndi wina kapena lokhala ndi kenakake m'thumba.

Mu 1990 boma linalolanso sukulu za anthu wamba, ndipo Lamulo la 6/92 la mu Meyi 1992 linatsimikizira zimenezi, n'kupatsanso mpata mipingo ndi magulu a m'madera kuti atsegule sukulu. Lamulo lomwelo linatsitsa zaka zoyambira sukulu kuchoka pa 7 kufika pa 6. Cholinga chinali chabwino, koma kwa mkulu wa sukulu ya mu mzinda chinatanthauza kuti ana a msinkhu wina wathunthu awonjezeka pa mzere wa ofuna malo.

Mtendere ndi sukulu yaulere

Pangano la mtendere linasayinidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. M'zaka zitatu zotsatira, othawa nkhondo pafupifupi 1.7 miliyoni anabwerera kuchokera ku mayiko oyandikana nafe. Si onse amene anabwerera kumidzi kwawo. Ambiri anakhazikika m'matauni a m'mbali mwa misewu ndi malire. Ena mwa ana ochokera ku Malawi anali ataphunzira kuwerenga m'Chichewa, koma pa matrícula luso limenelo silinkawerengedwa, chifukwa sukulu inkangoyeza Chipwitikizi.

Kusintha kwakukulu kunabwera pakati pa 2003 ndi 2005. Mu 2003 kunayamba Apoio Directo às Escolas, ndalama zopita ku sukulu mwachindunji zogulira zipangizo. Mu 2004 kunalowa ndondomeko yatsopano ya maphunziro, imene inagawa pulayimale m'magawo atatu, kalasi 1 ndi 2, kalasi 3 mpaka 5, ndi kalasi 6 ndi 7, n'kulola mwana kupitirira mkati mwa gawo popanda kubwereza. Anthu ambiri amakambirana za lamuloli ngati nkhani ya ubwino wa maphunziro, koma ndi nkhaninso ya malo. Mwana wobwereza kalasi yoyamba amakhala pa mpando umene ukanakhala wa mwana watsopano, ndipo kuchepetsa kubwereza kunamasula mipando yambiri popanda kumanga chipinda. Kenako, kuyambira chaka cha maphunziro cha 2005, ndalama zolipira polembetsa ku pulayimale zinathetsedwa. Sukulu zambiri za EP1 zinakwezedwa kukhala EPC, zokhala ndi makalasi onse 7, kuti mwana asamachoke kwawo akamaliza kalasi 5.

Zotsatira zake zikuoneka m'ziwerengero. Ana a EP1 anali pafupifupi 1.2 miliyoni pamene nkhondo inkatha. Chaka cha 2020 chisanafike, ana a pulayimale yonse anali atapitirira 6 miliyoni. Chapakati pa zaka za m'ma 2000, mphunzitsi mmodzi wa EP1 ankayang'anira ana oposa 70 tikatengera dziko lonse, ndipo ngakhale chiwerengerochi chinatsikako, chinakhalabe pafupifupi 60 kapena kuposerapo. Lamulo la 18/2018 linakweza maphunziro okakamiza kufika kalasi 9, linachepetsa pulayimale kukhala makalasi 6, ndipo mu 2023 kalasi 7 inasamukira ku sekondale. Komabe sukulu zina za pulayimale zinasandutsidwa escolas básicas zosunga ana mpaka kalasi 9, kotero kuti zipinda zimene zinkaoneka ngati zamasuka zinadzazidwanso nthawi yomweyo.

Masamu a maturno

Kuti timvetse zimene dziko lathu linasankha, tiyeni tiwerengere sukulu yongoyerekeza. Ili ndi zipinda 12, ndipo m'chipinda chilichonse tikuikamo ana 50. Ikakhala ya turno imodzi, isunga ana 600. Ikakhala ya maturno awiri, isunga 1,200. Ikakhala ya maturno atatu, isunga 1,800. Palibe njerwa imene yawonjezeka. Chimene chagawidwa ndi tsiku. Kuyambira 6:30 m'mawa mpaka 5:30 madzulo pali maola 11. Tikawagawa pawiri, gulu lililonse lipeza maola opitirira pang'ono 5. Tikawagawa patatu, lipeza maola atatu ndi mphindi 40 zokha, ndipo pamenepo tichotsepo nthawi yoimba nyimbo ya fuko, yosesa, yodikira kuti gulu lina lituluke, ndi yoitana mayina a ana 70 kapena 80.

Ndondomeko ya maphunziro ya 2004 inavomereza zimenezi poyera, pakuti inaika dongosolo la nthawi la sukulu za maturno awiri ndi lina lofupikirapo la sukulu za maturno atatu. Tinganene kuti Moçambique anasankha kusabweza mwana pa khomo, ndipo chisankhocho chinali cholungama tikakumbukira kumene tinachokera. Koma mpando wa mwana wachitatu umalipidwa ndi nthawi ya ana awiri oyambawo. Mtengo wake umagwera kwambiri mwana amene akufunika nthawi yochuluka, ndiye kuti amene wafika pa sukulu asakumva chilankhulo cha mphunzitsi. Mu mzinda wa Tete, kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, turno yapakati imagwera pa nthawi imene ngakhale munthu wamkulu amafuna mthunzi.

Dera la sukulu: chitsanzo cha mzinda wa Tete

Uphungu umene makolo amamva chaka chilichonse ndi wakuti alembetse mwana pa sukulu yoyandikana ndi kwawo. Uphunguwu umagwira ntchito ngati sukulu zili kumene anthu ali. Mzinda wa Tete ukuonetsa mmene ziwirizi zimasiyanirana. Kalembera wa 1997 anapeza anthu pafupifupi 100,000 mu mzindawu, wa 2007 anapeza oposa 150,000, ndipo wa 2017 anapeza oposa 300,000. Kukula kwachangu kotereku kunayendera limodzi ndi migodi ya malasha ya ku Moatize, kumene kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011. Anthu anabwera kudzafuna ntchito kuchokera ku maboma onse a chigawochi ndi kupitirira. Ena anasamutsidwa m'malo a migodi kupita ku Cateme ndi ku bairro la 25 de Setembro ku Moatize, ndipo ana awo anayenera kupeza sukulu kumalo atsopanowo.

Sukulu zakale, zokhala ndi mipanda, madzi ndi mbiri yabwino, zili mu mzinda wakale. Mabanja atsopano amamanga kumene kuli malo, monga ku Matundo ndi Chingodzi kutsidya kwa Zambezi, kapena kumapeto kwa mabairro ena. Nyumba zimamera msanga kuposa zipinda zophunziriramo. Kholo logwira ntchito pakati pa mzinda limakonda kulembetsa mwana pafupi ndi kuntchito, n'kumawoloka naye mlatho wa Samora Machel m'mawa uliwonse. Lina limapeza kalata yosonyeza kuti mwana amakhala kwa m'bale wa pafupi ndi sukulu yotchuka. Mapeto ake, sukulu ya pakati imadzaza ndi ana a kutali, mwana wa mlonda wokhala kuseri kwa mpanda womwewo n'kuuzidwa kuti malo atha. Sukulu ya kumapeto kwa mzinda imalandira aliyense, pansi pa mtengo ngati zipinda zatha.

Mitsinje nayo imajambula malire ake. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo mtunda umene unali waufupi dzulo lake unakhala ulendo. Unduna uli ndi chida chokonzera zonsezi, chotchedwa carta escolar, chimene ndi mapu osonyeza kumene sukulu zili, ana amene zikusunga ndi kumene zatsopano ziyenera kumangidwa. Chidachi chimadya ziwerengero zimene inu mumadzaza pa kalembera wa sukulu wa pa 3 Malichi. Koma kalembera ameneyu amawerenga ana amene ali kale m'kaundula. Mwana amene anabwezedwa mu Novembala n'kukhala pakhomo saoneka m'menemo.

Funso limene silinafunsidwe

Maphunziro a zilankhulo ziwiri anabadwira kutali ndi mizere ya mu mzinda. Pulojekiti ya PEBIMO, imene INDE inayendetsa kuyambira 1993 mpaka 1997, inayesa Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza. Pamene pulogalamuyi inkalowa m'ndondomeko ya dziko mu 2003, ndi zilankhulo 16, inayambira m'sukulu za kumidzi, kumene ana onse a m'kalasi amalankhula chilankhulo chimodzi. Chifukwa chake chinali chomveka: n'kosavuta kusankha chilankhulo, mabuku ndi mphunzitsi. Koma zinasiya maganizo akuti mzinda ndi wa Chipwitikizi ndipo zilankhulo zathu ndi za kumudzi.

Ndi zoona kuti Chipwitikizi chikukula. Mu 1980 munthu mmodzi yekha pa 100 alionse ndi amene anali nacho ngati chilankhulo choyamba. Mu 1997 anali 6 kapena 7, mu 2007 pafupifupi 11, ndipo mu 2017 pafupifupi 17, ambiri a iwo m'mizinda. Koma mzinda si pakati pokha. Mu mzinda wa Tete anthu ambiri amalankhula Chinyungwe, ndipo m'mabairro atsopano mumamvekanso Chichewa cha ku Angónia, Chisena ndi zilankhulo zina. Matauni ngati Ulóngue, Zóbue, Metangula ndi Milange akukula ndi anthu amene Chinyanja ndi chilankhulo chawo cha pamsika, cha kutchalitchi ndi cha kunyumba. Ndondomeko yofalitsira maphunziro a zilankhulo ziwiri ya 2020 mpaka 2029 ikamakwaniritsidwa, idzafika m'malo ngati amenewa, ndipo idzapeza mavuto onse amene mbiriyi yasiya.

Loyamba ndi kagawidwe ka ana. Pa matrícula ana amaikidwa m'maturma potengera zaka kapena tsiku limene analembetsa. M'sukulu yokhala ndi maturma 6 a kalasi yoyamba, ana 50 olankhula Chinyanja angamwazike 8 kapena 9 m'turma iliyonse, ndipo palibe amene angadziwe kuti akanakwana turma yawoyawo. Lachiwiri ndi nthawi. Turma ya zilankhulo ziwiri imaphunzira kuwerenga m'chilankhulo cha mwana uku ikuphunzira kulankhula Chipwitikizi, ndipo ntchito ziwirizi sizikwana bwino m'maola atatu ndi theka. Lachitatu ndi kusamuka. Mu pulogalamu yathu chilankhulo cha mwana chimatsogolera makalasi atatu oyamba, ndipo kusinthira ku Chipwitikizi kumayamba mu kalasi 4. Mwana amene wamaliza kalasi 2 ku Angónia, bambo ake n'kupeza ntchito ku Moatize, amafika m'turma ya Chipwitikizi chokha mlatho wake usanamalizidwe. Amadziwa kuwerenga, koma mphunzitsi watsopano akamupatsa buku la Chipwitikizi n'kuona kuti sakumva, amamulemba m'gulu la osadziwa kanthu.

Zimene zili m'manja mwa aphunzitsi

Kumanga zipinda ndi kulemba ntchito aphunzitsi ndi udindo wa boma. Koma pali zina zimene sukulu ingayambe pa matrícula ikubwerayi popanda ndalama. Wolembetsa angafunse kholo chilankhulo chimene mwana amalankhula kunyumba ndi chimene amasewera nacho, n'kulemba pambali pa dzina. Angasungenso mndandanda wa ana amene sanapeze malo ndi bairro limene akuchokera, kuti mayinawo afike ku msonkhano wa ZIP ndi ku ofesi ya maphunziro ya boma. Sukulu zinayi za ZIP imodzi zikaika mindandanda yawo pamodzi, zingathe kuona kuti pali ana okwanira kutsegula turma ya Chinyanja pa sukulu imodzi ndi ya Chinyungwe pa ina, mtunda ukalola. Mwana wopanda chikalata cha kubadwa asabwezedwe. Alembedwe, makolo athandizidwe kukachipeza.

Mwana wanu akamasamuka, pepala lomusamutsira lisapite lokha. Lembanipo kuti waphunzira m'chilankhulo chiti, amawerenga mpaka pati, ndipo Chipwitikizi wafika nacho pati. Mizere itatu yotere ingapulumutse chaka chathunthu cha mwana.

Pomaliza, pali chenjezo limene mbiri ikutipatsa. Agogo a ana amene tikuwaphunzitsa akukumbukira nthawi imene mwana wakuda ankaikidwa m'sukulu yakeyake, yotsika, ndipo makolo ena a m'tauni akamva za turma ya chilankhulo cha makolo amaopa kuti zomwezo zabwerera. Mantha amenewa sathetsedwa ndi mawu a pa msonkhano. Makolo adzayang'ana kumene turma imeneyo yaikidwa. Ikapatsidwa mthunzi wa mtengo ndi turno ya dzuwa la paliwombo, pamene maturma a Chipwitikizi ali m'zipinda m'mawa, adzamva uthengawo ndipo chaka chamawa adzalembetsa ana awo kwina. Choncho pogawa zipinda ndi maturno mu Januwale, mphunzitsi wa zilankhulo ziwiri ayenera kukhalapo pa tebulo, ndipo Conselho de Escola iyenera kuona kagawidweko kasanapachikidwe pa khoma.